Lupanga la Kachin dao m'mashopu a zinthu zakale: siliva asakunyengeni

Mashopu a pa intaneti ogulitsa zida zakale amakonda kulemba "Burmese dha" pa lupanga lililonse lochokera ku Myanmar. Izi zimasokoneza ogula, chifukwa dha, lupanga la Abama (mtundu waukulu wa anthu a ku Myanmar), ndi dao, lupanga la anthu a mtundu wa Kachin, a kumapiri a kumpoto cha ku Myitkyina ndi Putao, n'zosiyana ndithu. Dha ndi yokhota pang'ono, m'chimake mwake ndi matabwa awiri otsekeka. Dao ya Kachin ndi yowongoka, yopyapyala kuchigumbu n'kumakula mpaka kumapeto, komwe imathera mopingasa, yopanda nsonga. Inkagwira ntchito kuthengo ndi kunkhondo komwe, ndipo n'chifukwa chake ndi lupanga loyenera kuyambira munthu amene akufuna kusonkhanitsa malupanga a dera limeneli: silibisa mbiri yake.

Chitsulo chake chimakhala masentimita 45 mpaka 60. Musanalipire, uzani wogulitsa ajambule msana wa lupanga. Lakale limakhala lochindikala pafupi ndi chigumbu, mwina mamilimita 6 mpaka 8, n'kumapyapyala popita kumapeto. Msana wofanana kuyambira kuno mpaka uko ukusonyeza kuti anangodula lata lachitsulo n'kunola ndi galayinda. Malupanga otere, okhala ndi tizilembo tokhomedwa tonga S, ambiri anapangidwira alendo ku Thailand cha m'ma 1960 ndi 1970. Ndi okongoletsa khoma basi.

M'chimake ndi momwe muli umboni weniweni. Ndi thabwa limodzi losemedwa, mbali inayo ndi yosatseka, ndipo lupanga limagwidwa ndi timikombero toluka ta rattan, chomera choyanga cholukira zinthu. Lamba wake ndi mkombero wa rattan wokoleka paphewa. Timikombero takale timada ndi utsi wa m'nyumba ndiponso thukuta, ndipo thabwa limaperepeseka pomwe chitsulo chinkakhula polowa ndi potuluka. Ngati rattan yada mofanana paliponse, ngakhale m'kati mwa mfundo, imeneyo yapakidwa polishi. Onaninso ngati kumapeto kwa lupanga kukugwirizana ndi malo osemedwawo. Ogulitsa ena amaphatikiza lupanga ndi m'chimake mwa lina, ndipo mtengo uyenera kutsika zikatero.

Vuto lofala ndi chigumbu chogwedera. Msuka wake ndi waufupi, sutulukira kumbuyo, ndipo umagwidwa ndi utomoni. Utomoni ukauma umanyenyeka. Ili si vuto lalikulu, amisiri amabwezeretsa utomoni wina. Choipa ndi guluu wa epoxy, yemwe sachoka popanda kuswa chigumbucho. Lupanga lokwechedwa ndi sandipepa mpaka kuwala mbee nalonso lataya mtengo, chifukwa mizere ya zitsulo zosanjikizana, yomwe osula akale ankasiya, imafafanizika. Dzimbiri lofiira limachoka ndi mafuta a makina osokera ndi kansalu. Lakuda lokhazikika lisiyeni.

Malupanga okutidwa ndi siliva, onga amene amuna amavina nawo pa mwambo wa Akachin wotchedwa Manau, ndi okongola zedi, koma ambiri ndi atsopano. Osula a mtundu wa Achang ku Husa, m'chigawo cha Yunnan ku China, akuwasulabe mpaka lero, ndipo luso lawo linalowa m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha dzikolo mu 2006. Ndi ntchito yabwino, yoyenera kugula, bola wogulitsa anene poyera kuti ndi yatsopano.

Chigumbu chokhala ndi mnyanga wa njovu chipeweni. Pangano la CITES, loteteza nyama ndi zomera zomwe zili pangozi yotha, linaletsa malonda a minyanga pakati pa mayiko mu 1989, ndipo lupanga lotere likhoza kulandidwa pachipata cha dziko. Myanmar nayo, mwa lamulo la 2015, imateteza zinthu zopitirira zaka 100, choncho funsani mapepala osonyeza kuti lupangalo linatuluka liti m'dzikomo. Shopu yokana kutumiza mapepalawo, kapena zithunzi za msana ndi za m'kati mwa m'chimake, musaipatse ndalama zanu.