inDrive mu Harare: mtengo wokambirana, ntchito yopanda penshoni

Mwa mapulogalamu oyitanira galimoto pa foni amene atchuka mu Harare, inDrive imasiyana ndi ena chifukwa wokwera ndi amene amayamba kutchula mtengo. Madalaivala amene ali pafupi amauvomera kapena kuukweza, kenako wokwerayo amasankha mmodzi poona dzina, mtundu wa galimoto ndi nyenyezi zimene okwera ena anamupatsa. Kwa ife ozolowera kunenerera ku msika wa Mbare Musika, zimenezi si zachilendo.

Kwa mayi wochoka ku Mufakose mbandakucha atanyamula katundu, n'kwabwino kuposa kupanikizana mu mushikashika (galimoto zing'onozing'ono zonyamula anthu popanda chilolezo), popeza nambala ya galimoto amaidziwiratu ndipo angathe kuitumiza kwa achibale. Koma mvula ikagwa kapena nthawi yoweruka ikakwana, madalaivala savomera mtengo wotsika.

Chondichititsa chidwi kwambiri ndi anthu amene ali pa chiwongolero cha ma Honda Fit ndi ma Toyota Aqua amenewa. Ena anamaliza yunivesite koma ntchito sinapezeke, ena amaweruka ku ofesi n'kuyamba kunyamula anthu kuti aonjezere pa malipiro. Agogo athu anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu pansi pa bwana wooneka ndi maso, pomwe adzukulu awo akulandira ntchito kuchokera pa foni. Komabe dalaivalayo salembedwa ntchito ndi kampaniyo: mafuta, data ndi matayala owonongeka m'maenje a mumsewu zonse n'zake, ndipo palibe bwana womulipirira penshoni ku NSSA, bungwe la boma loona za penshoni. Wokwera akanenerera mopyola muyeso, ndalamayo imachoka m'thumba la dalaivala.

Ambiri amalipira ndi madola pamanja, choncho konzekeranitu ndalama zing'onozing'ono chifukwa chenji chimavuta.