Miyezi 8 ndi pulogalamu yophunzitsa misampha ya chess: zomwe zakhazikika m'mutu ndi zomwe zafufutika

Pulogalamu ya pa foni yomwe tikuiunikayi imaphunzitsa zolakwika zomwe osewera chess amachita masewero akangoyamba, komanso misampha yomwe anthu amatchera pa zolakwikazo. Kagwiridwe kake n'kosavuta. Imakuikirani bolodi, imasunthira mbali ya mdani, inu n'kupeza yankho. Mukaphonya, mzere umenewo, kutanthauza masunthidwe otsatizanawo, umabweranso msanga. Mukakhoza, umatha masiku usanaonekenso. M'masabata oyambirira palibe amene amadandaula nayo, chifukwa masewero ena amatha kusuntha kwa 10 kusanakwane. Koma kuunika kwenikweni ndi kwa pano, patapita miyezi 8 ya mphindi 15 patsiku.

Kwa amene sanazolowere kalembedwe: K ndi mfumu, Q ndi queen, R ndi rook, B ndi bishopu, N ndi knight, ndipo pawn ilibe chilembo. Chizindikiro cha x chimatanthauza kudya, + ndi check, # ndi checkmate, ! ndi kusuntha kwabwino, pomwe ? ndi ?? zikusonyeza kulakwitsa. Chilembo chaching'ono ndi nambala, monga f7, ndi dzina la kabokosi, ndipo madontho atatu, monga mu 3...g6, akusonyeza kusuntha kwa wakuda.

Zomwe zakhazikika si mizere yoloweza pamtima, koma zifukwa zochepa zomwe zimabwerezabwereza m'misampha yambiri. Choyamba ndi kabokosi ka f7, kapena f2 kwa woyera. Masewero akamayamba, pawn ya pamenepo imatetezedwa ndi mfumu yokha. Scholar's Mate imadalira zimenezo: 1.e4 e5 2.Qh5 Nc6 3.Bc4 Nf6?? 4.Qxf7#. Yankho lake ndi 3...g6 4.Qf3 Nf6, ndipo queen yatuluka msangayo imayamba kuthamangitsidwa. Pulogalamuyi imachita bwino kuonetsanso kuti g6 yomweyo, ikaseweredwa msanga pa 2...g6??, imaluzitsa rook: 3.Qxe5+ kenako Qxh8. Kusuntha kumodzi komweko, kwabwino pa 3 koma koopsa pa 2, ndipo kusiyana kwake n'kungoti knight ya pa c6 ikuteteza e5 kapena ayi.

Fried Liver nayo ndi nkhani ya f7 yomweyo: 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4 Nf6 4.Ng5 d5 5.exd5. Dzanja limafuna kudya pawn ija nthawi yomweyo, koma 5...Nxd5? imalola 6.Nxf7 Kxf7 7.Qf3+ Ke6 8.Nc3, mfumu ili pakati pa bolodi ikulondera knight yomangidwa. Yankho lodziwika ndi 5...Na5 6.Bb5+ c6 7.dxc6 bxc6. Wakuda wataya pawn imodzi koma zida zake zikutuluka mofulumira. Mzere uwu wokha ndi wokwanira kuti munthu wosewera 1...e5 aione pulogalamuyi kukhala yaphindu.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe pali phunziro lalikulu, ndi chida chooneka ngati chamangidwa pomwe sichinamangidwe kwenikweni. Chida chomangidwa ndi chomwe chikutchinga chida china chofunika kwambiri kuti mdani asachifikire, ndipo chomangidwa kwa mfumu sichiloledwa kuchoka n'kuisiya mfumuyo pa check. Chomangidwa kwa queen chimaloledwa, bola wosunthayo akhale ndi chinthu chachikulu kuposa queen choti apeze. Legal's Mate, yomwe inatenga dzina la katswiri wa ku Paris wa m'zaka za m'ma 1700, imayenda chonchi: 1.e4 e5 2.Nf3 d6 3.Bc4 Bg4 4.Nc3 g6? 5.Nxe5! Bxd1?? 6.Bxf7+ Ke7 7.Nd5#. Wakuda akazindikira n'kusewera 5...dxe5, woyera amadya bishopu ndi 6.Qxg4 ndipo watsogola ndi pawn imodzi.

Apa ndi pomwenso pulogalamuyi ili ndi chilema chachikulu. Imakuzolowezani kuti mukaona bishopu pa g4 ndi knight pa f3, mudumphire pa e5. Koma taonani bolodi losiyana pang'ono: 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4 d6 4.Nc3 Bg4. Pano 5.Nxe5?? ndi kutaya knight, chifukwa wakuda sagwira queen, amasewera 5...Nxe5, ndipo knight imeneyo ikuteteza bishopu wa pa g4. Pamafunika kuyamba ndi 5.h3. Bishopu akabwerera pa h5, ndiye 6.Nxe5 imagwira: 6...Nxe5 7.Qxh5 Nxc4 8.Qb5+ kenako Qxc4, woyera ali ndi pawn yoonjezera. Mabolodi awiriwa mu pulogalamu ali m'maphunziro osiyana, ndipo palibe paliponse pomwe aikidwa moyandikana kuti wophunzira aone chomwe chasintha. Munthu woloweza chithunzi chabe amagwa mumsampha womwe watchera yekha.

Elephant Trap ndi mfundo yomweyi kumbali ya wakuda: 1.d4 d5 2.c4 e6 3.Nc3 Nf6 4.Bg5 Nbd7 5.cxd5 exd5 6.Nxd5?? Nxd5 7.Bxd8 Bb4+ 8.Qd2 Bxd2+ 9.Kxd2 Kxd8. Mukawerenga zomwe zachoka pa bolodi, woyera wataya knight n'kupeza pawn yokha. Msampha uwu ndi wa mtundu wabwino. Kusuntha konse kwa wakuda mpaka 4...Nbd7 n'koyenera mu Queen's Gambit Declined, kotero mdani akapanda kukodwa simunataye kanthu.

Si misampha yonse ili choncho, ndipo pulogalamuyi siisiyanitsa. Imaika pamodzi misampha yobadwa m'masunthidwe abwino ndi ija yomwe imafuna kuti muyambe mwasewera molakwika dala n'kumayembekezera kuti mnzanu alakwitsa kwambiri. Ya mtundu wachiwiriwu ndi yomwe imakoma m'mwezi woyamba n'kuwawa m'mwezi wachisanu. Blackburne Shilling Gambit ndi chitsanzo: 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4 Nd4 4.Nxe5? Qg5 5.Nxf7?? Qxg2 6.Rf1 Qxe4+ 7.Be2 Nf3#. N'zokongola, koma woyera akangosewera 4.Nxd4 exd4 kenako castling (kusuntha mfumu ndi rook nthawi imodzi) kapena c3, wakuda watsala ndi ma pawn awiri pamzere umodzi ndipo palibe chida chomwe chatuluka. Englund Gambit ndi chimodzimodzi: 1.d4 e5 2.dxe5 Nc6 3.Nf3 Qe7 4.Bf4 Qb4+ 5.Bd2 Qxb2 6.Bc3?? Bb4 7.Qd2 Bxc3 8.Qxc3 Qc1#. Woyera wodziwa amasewera 6.Nc3, rook ikubwera pa b1, ndipo queen yakuda ndi yomwe ili pamavuto. Stafford Gambit, yomwe inatchuka kwambiri pa intaneti kudzera m'makanema a Eric Rosen, ili ndi checkmate yake yodziwika: 1.e4 e5 2.Nf3 Nf6 3.Nxe5 Nc6 4.Nxc6 dxc6 5.d3 Bc5 6.Bg5?? Nxe4 7.Bxd8 Bxf2+ 8.Ke2 Bg4#. Koma 6.Be2 yotsatiridwa ndi c3 ndi d4 imatseka bishopu wa pa c5, ndipo wakuda amakhala ataperewera pawn popanda chobwezera chokwanira.

Chomwe chimachitika n'choti misampha imeneyi imakukwezani rating, nambala yoyezera luso lanu, mpaka mutafika pa anthu omwe anaiona kale. Kuchokera pamenepo masewero aliwonse mumayamba muli kumbuyo, ndipo pulogalamuyi sinakuphunzitseni choti muchite, chifukwa phunziro limathera pa checkmate. Mdani akakana nyambo, bolodi limangotsekeka. Misampha itatuyi muiphunzire kuti muziipewa ena akakutcherani, osati kuti ikhale opening yanu, njira yomwe mumayambira masewero. Mu blitz, pomwe aliyense ali ndi mphindi 3 kapena 5, imagwirabe anthu ena. Munthu akakhala ndi nthawi yoganiza, kawirikawiri imalephera.

Pali zovuta zina zing'onozing'ono zomwe zimaonekera pakapita nthawi. Pulogalamuyi imalandira yankho limodzi lokha. Pa bolodi lomwe lili ndi masunthidwe awiri abwino, lachiwirilo imaliwerenga ngati kulakwa, ndipo mukafika pa bolodi lomwelo podzera njira ina sizindikira. Zimenezi zimaphunzitsa munthu kukayikira maganizo ake olondola. Mankhwala ake ndi kuika bolodilo pa Stockfish, pulogalamu younika masunthidwe yomwe imapezeka mwaulere pa webusaiti ya chess ya Lichess, n'kuona ngati kusuntha kwanu kunalidi koipa. Chinanso ndi mulu wa zobwereza. Mukatsegula mizere yatsopano 20 tsiku limodzi, yonse imabwerera limodzi, ndipo mukajomba sabata imodzi mumapeza ntchito yoti simungaimalize modekha. Pamenepo munthu amayamba kudina mothamanga, chala chikukumbukira pomwe mutu sukuganiza. Mizere yatsopano itatu patsiku ndi yokwanira, ndipo tsiku lomwe zobwereza zachuluka osatsegula yatsopano.

Ndipo bolodi la pa foni si bolodi la patebulo. Pa foni mumaliona lonse kuchokera pamwamba, mivi ikukulozerani. Patebulo zida zimabisana, ndipo lamulo la FIDE limati chida chomwe mwachigwira dala muyenera kuchisuntha ngati n'kotheka. Kamodzi pa sabata ndi bwino kuyala bolodi lenileni n'kusewera mizere ija ndi manja, mbali zonse ziwiri, foni ili kutali.

Njira yomwe yaoneka kuti imathandiza ndi iyi. Sankhani maphunziro a ma opening omwe mumasewera okha, wosewera 1.e4 ndi 1...e5 alibe chifukwa cholowezera misampha ya Albin Countergambit. Pa msampha uliwonse imani pa kusuntha kolakwika kuja, musanaone chilango chake, ndipo mudzifunse zinthu zitatu: n'chiyani chasiya kutetezedwa, ndi check iti yomwe yatseguka, ndipo kusuntha koyenera kunali kuti. Lembani chifukwacho m'chiganizo chimodzi. Pa Petrov, 1.e4 e5 2.Nf3 Nf6 3.Nxe5 Nxe4? 4.Qe2 Nf6?? 5.Nc6+, chiganizocho ndi chakuti mzere wa e watseguka mfumu ikadali pakati, ndiye yambani ndi 3...d6. Mukachigwira chimenecho, simudzavutika kuona checkmate ya mu Caro-Kann, 1.e4 c6 2.d4 d5 3.Nc3 dxe4 4.Nxe4 Nd7 5.Qe2 Ngf6?? 6.Nd6#, chifukwa ndi queen yomweyo pa mzere wa e, yomwe pano yamanga pawn ya e7. Pomaliza, mukaluza masewero enieni kusuntha kwa 12 kusanakwane, pezani pomwe zinapotokera n'kulisunga bolodi limenelo. Mabolodi ochokera m'masewero anu amakumbukika kuposa omwe pulogalamu yakusankhirani.

Kwa woyamba kumene, yemwe akuluzabe queen kapena kugwidwa pa f7, miyezi itatu yoyamba ndi pulogalamuyi ndi yaphindu lenileni, ndipo tikuivomereza ndi mtima wonse. Pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi zatsopano zimachepa, ndipo masewero ambiri amaluzika patsogolo, pomwe pulogalamuyi sifika. Kuyambira pamenepo mphindi 5 zobwereza zakale n'zokwanira, mphindi 10 zotsalazo zipite ku ma puzzle a tactics (kupeza kusuntha kopambanitsa pa bolodi lomwe mwapatsidwa) ndi ku ma endgame (mathero a masewero) a rook ndi pawn.