Ka Baibulo kolankhula kamene ndinagulira bambo anga: n'kabwino, koma changu kalibe

Maso a bambo anga anayamba kuchita mdima zaka zinayi zapitazo, atawapeza ndi matenda a shuga. Poyamba ankati magalasi ndiwo atha mphamvu. Tinasintha kawiri konse, osathandiza. Chaka chatha nditapita kumudzi ndinawapeza pakhonde, Baibulo lili pamiyendo, chala chili pamzere, akuwerenga Salimo 103 mokweza. Nditasuzumira ndinaona kuti tsamba limene atsegulalo ndi la Yesaya. Ankangotchula za m'mutu. Sindinanene kanthu, ndinangopitirira kukhitchini kwa amayi.

Nditabwerera ku Lilongwe ndinalowa m'sitolo ina yogulitsa mabuku achikhristu ku Old Town, n'kugula ka Baibulo kolankhula koyendera dzuwa. Kwathu ana akungokatchula kuti "kawailesi ka agogo". Ndalama zake ndikanagula nazo nkhuku zachikuda zinayi, ndiye sindinatulutse ndikumwetulira. Tsopano katha miyezi 11 kali m'manja mwa munthu wokalamba wosaona bwino, m'mudzi wopanda magetsi kufupi ndi Nkhoma, moti ndikhoza kukanenera.

Kukula kwake n'kongofanana ndi foni ya mabatani, kokhuthala pang'ono. Kumsana kuli kasola. Amayi amakaika padenga la khola la mbuzi m'mawa, n'kukatsitsa akamapita kukatunga madzi masana, ndipo moto umenewo umakwanira madzulo awiri. M'nyengo yotentha palibe vuto. Koma mu Januwale ndi Febuluwale, mitambo ikagwirana masiku atatu, kamafa pakati pa mutu, ndiye mdzukulu amayenera kukapereka kogulitsira zinthu kumene anthu amatchajitsa mafoni. Mawu ake ndi okwanira pakhonde. Mukakweza mpaka pamapeto amayamba kusasa ngati munthu wa chifuwa.

Chimene ndinafunsitsa m'sitolo muja ndi Baibulo limene lili m'katimo. Bambo anga anandiuziratu kuti akufuna "la Yehova", osati "la Chauta". Ankatanthauza Buku Lopatulika, lija linatuluka lathunthu mu 1922, limene ntchito yaikulu yomasulira anatsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, kwathu konkuno. Buku Loyera la 1998 salida ayi, amati n'lomveka bwino kwa ana, koma iwo Chichewa cha 1922 ndicho anabatizidwa nacho. Mtsikana wa m'sitolomo anandilola kumvetsera ndisanalipire, ndipo nditamva "Yehova" ndinatenga. Wowerengayo ndi bambo wa mawu odekha, sathamanga, saikamo nyimbo kapena mabingu kumbuyo monga ndamvera m'mafoni ena. Apa ndilibe chodandaula.

Dandaulo langa lili pa mabatani. Onse ndi ofanana kukula, osalala, moti wosaona sangasiyanitse. Anakapanga aja mwina anaiwala kuti ambiri ofuna chinthu chotere ndi ovutika maso. Ine ndinadontheza guluu pa batani loyatsira kuti likhale ndi kanthongo, bambo azilimva ndi chala. Choipa chachikulu n'chakuti simungalumphire pa vesi. Mumasankha buku, kenako mutu, podina kamodzikamodzi. Mabuku alipo 66. Kuchoka pa Genesis kukafika kwa Yakobo ndi kudina ka 58. Mukafuna Salimo 119 konzekerani chala. Ndipo mukadina mopitirira kamodzi kokha muli m'buku lina, kenako mwasokera.

Sabata yoyamba bambo anakwiya nako. Iwowa anakhala mkulu wa mpingo zaka zoposa 20, munthu wa mavesi a pakamwa. Pa mlandu uliwonse umene unkabwera kubwalo la mpingo, kaya wa mowa, kaya wa mimba, vesi lake anali nalo kale, ndipo ankatsegula buku pamalo pomwepo osaphonya. Ndiye apatsidwe kachinthu kowakaniza kufika pamene akufuna? Anakasiya pazenera masiku angapo. Kenako anagonja. Anauza mdzukulu kuti akabweze pa Genesis 1, ndipo kuyambira tsiku limenelo akumangokayatsa, n'kukasiya kazipita kokha.

Apa ndiyenera kutchula achimwene anga, oyamba kubadwa m'banja mwathu, chifukwa popanda iwo nkhani ya kawailesika siikwana. Achimwene ndi a kachasu. Anagulitsa njinga ya bambo, anagulitsa wailesi yeniyeni ija, ndipo chaka cha Covid anagulitsa matumba awiri a feteleza amene ndinatumiza ine. Apo bambo anawathamangitsa pakhomo, nati asadzapondenso. Amakhala kutsidya kwa dambo. Ndisabise, pa nkhani imeneyi wouma mtima kuposa bambo ndine, chifukwa ngongole zawo zambiri ndabweza ndine.

Nditapita pa Pasaka, bambo anandikhazika pamkeka, nati, "Mwana wanga, Mulunguyu ndi wochedwa." Ndinaganiza kuti akudandaula za maso. Ayi. Anayamba kundiwerengera ndi zala zimene anamva. Abramu akuuzidwa kuti mbewu yake idzabwerera m'dzikomo pa mbadwo wachinayi, chifukwa zoipa za Aamori sizinakwanire: ndiye kuti anthu olonjezedwa adikire zaka mazanamazana kuti anthu oipa apatsidwe nthawi. Buku la Oweruza anati linawatopetsa, chifukwa ndi nkhani imodzi yomweyo: achimwa, azunzidwa, alira, apulumutsidwa, achimwanso. Ukamawerenga wekha umalumpha. Ukamamvera kawailesi kosalumpha, umaimva yonse mpaka kufika ponyansidwa.

Koma amene anawasokoneza kwambiri ndi Manase. Mu 2 Mafumu 21 mfumu imeneyi inalamulira zaka 55, kuposa mfumu ina iliyonse ya Yuda, inapititsa mwana wake pamoto, inadzaza Yerusalemu ndi magazi a anthu osalakwa, kenako inangomwalira n'kuikidwa m'munda wa kunyumba kwake. Amayi akuti bambo atamva zimenezi anathimitsa, osayatsanso masiku awiri. Patapita milungu ingapo kawailesi kanafika pa 2 Mbiri 33, pamene Manase yemweyo agwidwa ndi Asuri, amangidwa, atengedwa kupita ku Babulo, adzichepetsa, apemphera, ndipo Mulungu amumva n'kumubwezera ku Yerusalemu. Bambo anati, "Zaka zonsezi ndakhala ndikutolatola mavesi ngati nkhuku pamtondo. Ndimadziwa zonse ziwiri, koma sindinamvepo mtunda umene uli pakati pake."

Ine sindinavomere msanga. M'Baibulo lakaleli, pa Eksodo 34:6, Mulungu akudzitcha "wolekereza". Ndinawauza bambo kuti mawu amenewa kwa ife a lero samveka bwino. Kulekerera ndi kumene kwawononga achimwene: amayi kuwabisira nsima, kuwapatsa ya sopo, kuwanenera bodza. Kodi Mulungu ndi wotero? Bambo anaseka, nati abusa anabwera kudzawazonda ndipo anafunsa zomwezo. Abusawo anati m'Chiheberi mawuwo amanena za mphuno zazitali. Ife timati munthu wapsa mtima, Aheberi ankati mphuno zake zatentha, ndiye wa mphuno zazitali amachedwa kutentha. Vesi lotsatira limanenanso kuti wopalamula sadzamuyesa wosalakwa. Ndipo Nineve uja anakhululukidwa m'masiku a Yona, mneneri Nahumu anadzamulosera chiwonongeko, ndipo mzindawo unagwadi mu 612 Yesu asanabadwe. Pakawailesi, pakati pa Yona ndi Nahumu pali Mika yekha, moti bambo anamva zonse ziwiri madzulo amodzi.

Pamene ndinasowa choyankha ndi pa mkuyu wa pa Luka 13, umene bambo anautchula kuchokera m'mutu chifukwa kawailesi kanali kasanafikeko. Mwini munda wabwera zaka zitatu osapeza chipatso, ati ulikhidwe. Wosamala munda apempha chaka chimodzi chokha, kuti aukumbire m'mbali ndi kuthira ndowe. Bambo ndi mlimi, ndiye anauona mosiyana ndi ine. Anati, "Wolekerera amakhala pansi n'kumangoyang'ana. Uyu wagwira khasu, wasenza dengu la ndowe. Ndipo nkhwangwa sanaitaye, yangotsamira pamtengo." Kenako anakhala chete nthawi yaitali, nati, "Ine ndinalikha. Amayi ako akungoyang'ana. Wokumbira palibe."

Ndinene maganizo anga, popeza ndalama zinali zanga. Chiphunzitso chakuti Mulungu amaleza mtima ndi ochimwa n'chokoma ukakhala wochimwayo ndiwe. Ukakhala wolakwiridwa chimawawa. Zaka 55 za Manase panali amayi amene anaika ana awo m'manda. Chaka chilichonse chimene achimwene apatsidwa, amalipira ndi alamu anga, amene amachita ganyu kuti ana adye. Ndinawauza bambo zimenezi mosabisa. Sanandikanize. Anati Habakuku anafunsa zomwezo, kuti kufikira liti, ndipo ofera aja a pansi pa guwa mu Chivumbulutso 6 akufunsanso chimodzimodzi, yankho lake n'kupatsidwa zovala zoyera ndi kuuzidwa kuti apumule kanthawi. Petro naye akuti Ambuye sakuzengereza, koma akuleza mtima posafuna kuti ena awonongeke. Ndinati zimenezo sizidyetsa ana. Anati n'zoona, n'chifukwa chake wodyetsa anawo ukhale iweyo. Pomaliza anandinyodola kuti ndamanga kathandala kum'mawa kwa mzinda, ndakhala pansi pa msatsi ngati Yona, kudikira moto. Buku limenelo ndi lalifupi, mitu inayi, ndipo tinalimvetsera lonse tiyi asanazizire. Limathera pa funso, Yona osayankha. Inenso sindinayankhe.

Vuto lina la kachinthuka linaoneka mu Ogasiti. Polowetsa chingwe chotchajira panagwedera, kenako panathyokera m'kati. Malo amenewa ndi ofooka, ndipo amene mukufuna kugula muwauze ana asamasolole chingwe mwamphamvu. Sabata yomweyo kawailesi kanasowa padenga la khola. Amayi atandiimbira sindinafunse n'komwe kuti watenga ndani. Ndinakalipa pafoni mpaka mayunitsi anatha. Ndinanena mawu amene sindingalembe pano.

Tsiku lachitatu achimwene anafika pakhomo, koyamba chithamangitsidwire, kawailesi kali m'thumba la malaya. Kale asanalowerere anaphunzirako zokonza mawailesi. Anamva kwa ana kuti kathyoka, anakatenga osauza munthu, anakabwereka chowotcherera, n'kukalumikiza bwinobwino. Mpaka lero pamenepo sipanagwederenso. Musafulumire kuombera m'manja: anapempha K2,000 ya ntchito, bambo anapereka, ndipo madzulo ake omwewo anaimwera. Sanasinthe. Kachasu akumwabe. Chimene chasintha n'chakuti masiku ena dzuwa likapendeka amabwera, n'kukhala pa njerwa kumapeto kwa khonde, osalankhula, kawailesi kakuwerenga. Bambo sawaona, koma amadziwa kuti alipo chifukwa cha fungo. Sawathamangitsa. Tsiku lina ndinamva akuti, "Iwe, takweza pang'ono," ndipo achimwene anatambasula dzanja n'kukweza. Ine pepani wanga wa pafoni uja sindinaperekebe.

Ndiye kagulidwe kapena ayi? Ngati ndinu mlaliki wofuna kukonza uthenga, kapena mayi wa Chigwirizano wofuna kupeza vesi la Lachinayi msanga, kadzakupsetsani mtima. Foni yokhala ndi Baibulo ingakuthandizeni bwino. Koma kwa gogo wosaona, wosadziwa kuwerenga, kapena wodwala wogona, kumudzi kopanda magetsi, sindinaone china choposa. Muyese m'sitolo momwemo, mufunse kuti muli Baibulo liti, mugule chingwe chapadera, ndipo guluu uja musaiwale.

Chodandaula chomaliza ndinachidziwa mu Okutobala. Bambo atafika pa Chivumbulutso 22, wowerenga uja anati "Amen", kawailesi n'kungoti zii. Sikabwerera kokha pachiyambi. Amayi anaganiza kuti kafa. Anachita kuitana mdzukulu wa Sitandade 4 kuti adine batani lobwerera m'mbuyo, akuwerenga mokweza mpaka 65, agogo ake akumuuza kuti asathamange. Pamene ndinaimba Lamlungu lapitali anali pa Levitiko 13, pa malamulo a khate, ndipo amayi anali kudandaula kuti awa si mawu omvera pa nthawi ya nsima.