Ndemanga yanga pa chida cha maginito cholowetsera mawaya a magiya m'kati mwa felemu ya njinga

Chida ichi ndinachigula nditathera madzulo athunthu ndikulimbana ndi waya wa magiya amene anakana kutulukira kumbuyo kwa felemu ya njinga yanga yoyendera m'mapiri. Pofika lero ndachigwiritsa ntchito katatu, kawiri pa magiya ndi kamodzi pa waya wa mpando wotsika ndi kukwera uja amati dropper. Vuto loyambalo ndinadzipalira ndekha, chifukwa ndinasolola waya wakale pamodzi ndi kapaipi kake kakunja ndisanamangirire kanthu kumapeto kwake, moti m'felemu simunatsale chilichonse chonditsogolera, ndipo waya watsopano ankangogunda khoma la m'kati n'kupindika.

M'paketi muli maginito aakulu ogwira m'manja ndiponso tizingwe titatu, kalikonse kokhala ndi kamutu ka maginito. Kumchira kwake n'kumene timasiyana. Kena kali ndi kachitsulo ka mazinga kamene kamaluma m'kamwa mwa kapaipi ka magiya ka mamilimita 4, kena n'ka paipi ya mabuleki a mafuta ya mamilimita 5, ndipo kachitatu kali ndi kalabala kofewa kamene kamameza nsonga ya waya weniweniyo. Munthu amalowetsa kamutu pabowo la kufupi ndi handulo, n'kuyendetsa maginito aakulu aja kunja kwa felemu, ndipo kamutuko kamatsatira m'kati. Zimenezi zimatheka pa felemu ya aluminiyamu kapena ya kaboni, chifukwa ziwirizi sizikokedwa ndi maginito. Amene felemu yake ndi yachitsulo asadzivutitse n'kugula, popeza kamutu kadzangokakamira pakhoma pomwe walowetsera.

Pa paipi yaikulu yotsetsereka kuchoka kumutu wa njinga kufika kumene kuli mapedulo, chidachi chinandisangalatsa kwambiri. Nditangoyandikiza maginito ndinamva kamutu kakuti tiki pakhoma la m'kati, kenako ndinakatsogolera pang'onopang'ono mpaka kanasuzumira pabowo la m'munsi, ndipo ntchito imene inandilepheretsa kudya pa nthawi yake dzulo lake inatha m'mphindi zosakwana zisanu.

Koma pangodya ya bottom bracket, malo a m'munsi mwa felemu amene mumazungulira ekiselo ya mapedulo, pamene kapaipi kamayenera kukhota n'kulowa m'mwendo wopyapyala wopita ku tayala lakumbuyo, maginito okha sanakwanitse. Pamalo amenewo khoma la felemu n'lokhuthala, m'kati muli timilomo takuthwa totsalira powotcherera, ndiponso bowo lolowera kumwendoko n'laling'ono kuposa mmene munthu angaganizire akuyang'ana kunja. Ndinayesa kwa nthawi yaitali mpaka ndinavomereza kuti palibe kuchitira mwina koma kumasula crank (mikono yogwira mapedulo) ndi bottom bracket yomwe, kuunika ndi tochi, n'kukankhira kamutu kubowoko ndi chala. Pepala la malangizo silinena chilichonse za zimenezi, ndipo m'maganizo mwanga ichi ndicho chosowa chachikulu, chifukwa wogula amayamba ntchito akuyesa kuti sadzamasula kanthu. Pamalo omwewo m'pamene kalabala kanaposonyoka nditakoka mwamphamvu, waya n'kutsalira m'kati. Ulendo wachiwiri ndinakulunga tepi yopyapyala polumikizira, ndipo ndinazindikira kuti dzanja lofunika kwambiri ndi lokankha kapaipi kuchokera kumbuyo, pamene chingwe chakutsogolo chimangolozera njira basi. Kachitsulo ka mazinga kaja sikanandikhumudwitsepo, malinga kapotokoledwe mpaka kalowe konse.

Chinanso choyenera kusamala ndi utoto wa njinga. Maginito aakuluwo amatola tizidutswa ta zitsulo patebulo, makamaka tomwe timagwa podula waya, ndipo ine ndinakanda felemu kamzere kotalika ngati chala ndisanazindikire. Tsopano ndimayamba ndawapukuta n'kuwakulunga ndi kansalu.

Chidachi chimangolowetsa kapaipi, sichichititsa kuti magiya azilowa bwino, ndipo pamenepa m'pamene ambiri amachinenera zoipa popanda chifukwa. Waya wa magiya ndi wa mamilimita 1.1 kapena 1.2 okha, ndipo pa njinga ya magiya 12 kumbuyo, mpata wa pakati pa giya ndi inzake ndi wochepa kwambiri, moti kukhota kumodzi kothina m'kati mwa felemu n'kokwanira kuti tcheni izichedwa kutsika. Ndisanadule kapaipi ndinatembenuza handulo mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, ndinatulutsanso mpweya m'shoko yakumbuyo n'kuiphwetsa yonse, kuti ndione ngati pena pakukokeka. Nditadula ndinatsegula kamwa lake ndi kachitsulo kosongoka, popeza chodulira chimalifinya. Ndinavekanso kapaipiko siponji yooneka ngati paipi, imene ndinagula payokha chifukwa m'paketi mulibe, kuti kasamachite phokoso m'felemu poyenda m'miyala, ndipo siponjiyo iyenera kulowa kapaipi kasanamangidwe, apo ayi ntchito yonse ibwerezedwa.

Si aliyense amene akufunika chida chimenechi. Mafelemu ena a kaboni amabwera ali ndi timipita tawo m'kati, moti kapaipi kakalowa uku kamakatulukira kokha kumbuyo. Komanso munthu amene kapaipi kakale kadakali m'malo mwake akhoza kungolumikiza katsopano kumchira kwa kakale n'kukoka mosamala, njira imene ndinatsatira ulendo wachitatu, ndipo pa zonse za m'paketi ndinangogwiritsa ntchito kachitsulo ka mazinga kokha. Ndachipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Yachisanuyo ndaimana chifukwa cha pepala la malangizo lija, komanso chifukwa m'paketi mulibe kabokosi kosungiramo timitu, moti kamutu kamodzi ndinakapeza patapita sabata katakakamira kunsi kwa sipanala.