Musanagulitse dimba kuti mukasamale nkhumba ku Denmark, werengani kaye izi

Anyamata a pa Luchenza ndi Bvumbwe amene mukundivutitsa pa WhatsApp kuti ndikupatseni nambala ya ajenti wotumiza anthu kukagwira ntchito kunja, nambalayo sindikupatsani ndipo chifukwa chake ndi ichi.

Ine ndinapita ku Denmark ngati wophunzira ntchito pa famu ya nkhumba. Ajenti anati zonse ndi K4 miliyoni, tikiti ndi mapepala momwemo, mayi mpaka anagulitsa dimba la nthochi lija la kumtsinje. Kutatsala masabata awiri akuti onjezerani K650,000 yosungitsira malo, lisiti osapereka, ukafunsa akuti pali anthu pamzere akufuna malo akowo. Ndinatenga katapila. Kufika uko nyumba imene ankati ndi yaulere bwana ankadula 2,500 kroner (ndalama za kumeneko) mwezi uliwonse, kachipinda kogona awiri, ndiye pamalipiro pamachoka kaye 8 peresenti msonkho weniweniwo usanayambe n'komwe. Ajenti sanatchulepo ngakhale chimodzi mwa izi, ankangondiwerengera malipiro onse m'makwacha ine mutu n'kuzungulira.

Ankati ndikaphunzira ulimi wamakono. Ntchito yake inali kutsuka makola kuyambira 6 koloko kunja kuli bii, kuzizira kolowa m'mafupa. Nkhumba zimakhala pa simenti ya mipata, ndowe ndi mkodzo zimagwera pansi n'kukhala chiphalaphala, eni ake amati gylle. Tsiku lotsegula kuti chipite ku tanki mumatuluka mpweya wonunkha ngati dzira lovunda, ndipo mpweya umenewo umapha munthu, si nthabwala. Ine tsiku lina ndinangomva mawondo kulobodoka, maso kuchita mdima, mnzanga wa ku Ukraine ndi amene anandikokera panja pondigwira ovololo. Bwana anangoti ukanatsegula kaye zitseko. Ndani anandiuza?

Koma chinthu chimodzi chinandidabwitsa ndipo ndi chokhacho ndabwera nacho. Anthu ajawa ndowe za nkhumba amaziwerengera ngati feteleza wogula. Dziko lili ndi nkhumba zambiri kuposa anthu, ndiye kale ankangothira mwachisawawa mpaka nayitrojeni, chakudya cha mbewu chopezeka mu feteleza ndi manyowa, anadzaza m'mitsinje ndi m'nyanja, mu 1986 nkhanu zinafa mu nyanja ya Kattegat chifukwa mpweya unatha m'madzi, 1987 boma linakhwimitsa malamulo. Kenako mu 1991 bungwe la mayiko a ku Ulaya, limene pano ndi European Union, linaika malire oti nayitrojeni wochokera ku manyowa asapitirire makilo 170 pa hekitala pachaka m'madera amene madzi ali pachiopsezo. Kuti mumvetse, thumba la yureya la makilo 50 muli nayitrojeni makilo 23, ndiye 170 ndi matumba asanu ndi awiri ndi kanthu. Iwo akulimbana ndi kuchepetsa, ife chimanga chikuchita chikasu pa Thekerani posowa thumba limodzi. Ku Netherlands nako za nayitrojenizi zinafika povuta moti boma lakhala likulipira alimi ena kuti atseke makola.

Tanki ya pa famu pathu inali yovindikira, imasunga chiphalaphalacho miyezi yonse yozizira chifukwa nthawi imeneyo kuthira m'munda n'koletsedwa, amayamba mu February, ndipo samwaza m'mwamba ayi, thirakitala imakoka mapaipi ogwa pansi penipeni. Bwana anandifotokozera kuti nayitrojeni wambiri ali mu mkodzo, ndipo ukausiya poyera amathawa ngati amoniya, fungo loboola m'mphuno lija. Ndinakumbukira khola la amalume ku Chitakale, ndowe zili mulu padzuwa, mkodzo ukuyenderera kulowa mu ngalande, mvula ya ku Mulanje mukuidziwa, ikangobwera zonse zapita kumtsinje komwe amayi akuchapa. Kenako amalume omwewo tsiku lonse pamzere wa feteleza wa makuponi. Zinandiwawa.

Panali mayi mmodzi yekha ku Limbe, ajenti nayenso, amene anandiuza zoona ndisanapite. Anati achimwene, musalipire musanaone kontirakiti yolembedwa malipiro, maola ndi za nyumba, ndipo chaka choyamba mudzangobweza ngongole. Anandionetsa pa pepala zodulidwa zonse. Ine ndinaona ngati akundichedwetsa, ndinapita kwa wolonjeza zokomayo. Zonse zimene ananena mayi aja zinachitika, katapila yekha ananditengera miyezi 11.

Ndiye inu amene mukulota kuti mukangotsika ndege mwamanga nyumba ya malata, dzukani. Zithunzi za pa Facebook zija amajambulitsa Lamulungu atasamba, palibe amene amaika chithunzi ali m'khola akutsokomola. Ngati simungapirire kukolopa khola la nkhumba zitatu kwanu, za masauzande simungazithe. Ndipo musalole mayi anu agulitse malo, ndalama imabwerera koma dimba lathu lija pano muli chinangwa cha munthu wina.

Ine ndabwerako, ndamanga khola la simenti pa Luchenza pompano, nkhumba zinayi, ndakumba dzenje lolandira mkodzo ndaliphimba ndi malata akale. Amene akufuna kuona abwere Loweruka, koma m'khola simulowa, chigodola chavuta.