Ndani Alipire Maphunziro a Madokotala a Ana: Boma Kapena Mabungwe Othandiza?

Munthu akamaliza digiri yoyamba ya udokotala, kawirikawiri amaphunziranso zaka zosachepera 3 kuti akhale katswiri wa matenda a ana, ndipo nthawi yonseyi amafunika malipiro, aphunzitsi ndi chipatala chophunziriramo. Ine ndimakondera ndalama za boma, chifukwa ngakhale zimachepa kapena kuchedwa, zimabwera chaka ndi chaka kudzera m'bajeti, komanso boma lingathe kugwirizana ndi wophunzirayo kuti akamaliza adzagwire ntchito m'zipatala zake. Mabungwe othandiza amapereka msanga, nthawi zina ndi zipangizo zomwe, koma thandizo lawo limayendera pulojekiti. Pulojekitiyo ikatha maphunziro ali mkati, wophunzira amene wangoyamba kuzolowera kupeza kamtsempha ka khanda lobadwa masiku osakwana kuti aikepo diripi amasiyidwa m'malere.