Kanema wotsagana ndi nkhani ya filosofi: kodi n'ngoyenera kugulira tikiti?

Malo ena oonetsera kanema amakonza madzulo apadera: mumaonera filimu, kenako mphunzitsi wa filosofi amabwera kutsogolo kudzakambirana nanu mafunso amene filimuyo yadzutsa. Ndi pulogalamu yoyenera ndalama zake, bola ndondomeko ikhale yolongosoka.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa nthawi ya wokamba. Akalankhula mphindi 40 filimu isanayambe, amaulula mathero, ndipo anthu amaonera ndi maso ake m'malo mwa awo. Mawu otsegulira asapitirire mphindi 5, angokusiyirani funso limodzi m'mutu. Nkhani yeniyeni ibwere pambuyo, ya mphindi 20 kapena 25, kenako mafunso. Kupuma kwa pakati pa filimu ndi nkhaniyo kukatalika, ambiri amatuluka osabwereranso.

Wokamba waluso amayambira pa kachigawo ka filimu, osati pa mayina a akatswiri. Tinene kuti filimuyo ndi ya munthu amene wayamba kukayika ngati zomwe akuona n'zenizeni. Apa fanizo la phanga la Plato, katswiri wa filosofi wa ku Girisi wakale, limagwira mtima kuposa m'kalasi: akaidi omangidwa unyolo ayang'ana khoma, moto uli kumbuyo kwawo, ndipo zithunzithunzi amaziyesa zinthu zenizeni. Chithunzi chimodzi chikasiyidwa pachinsalu, wokamba angoti "tatembenukani", aliyense aone kuwala kwa pulojekita kukudutsa pamwamba pa mutu wake. Kuchoka apo njira ndi yaifupi kukafika kwa Descartes, amene mu 1641 anayerekezera kuti mwina chiwanda chachinyengo chikumunamiza pa zonse, kapena kwa Robert Nozick, amene mu 1974 anafunsa ngati mungalole kulumikizidwa ku makina okupatsani moyo wokoma koma wabodza. Akatswiri awiri kapena atatu akwana, akachuluka omvera amasokonezeka.

Zina zimalakwika m'chipinda cha pulojekita. Filimu zambiri zimafika ngati DCP (mafayilo a pakompyuta oonetsera kanema) yokhoma, ndipo kiyi wake, KDM, amagwira ntchito pa nthawi yoikika yokha. Nthawiyo ikatha wokamba asanamalize, kachigawo kamene amafuna kubwereza sikatseguka. Magetsi onse akayatsidwa chithunzi chimazimirira, choncho ayatsidwe pang'ono.

Pa mafunso pamafunika maikolofoni yoyenda ndi wotsogolera wolimba mtima, wotha kudula mwaulemu munthu amene wasandutsa funso kukhala ulaliki. Musanagule tikiti, funsani ngati nkhaniyo ili pambuyo pa filimu, ndipo filimu ikakhala ya maola awiri konzekerani kukhala atatu.